Kodi ndatopa ndekha ndi mafilimu a ma superhero, kapena tilipo ambiri?

Mlongoti: Anthu a gulu, ndifunseko. Alipo amene akutsatabe mafilimu a Marvel ndi DC mwandondomeko ngati kale? Ine chichokereni Avengers: Endgame mu 2019, chidwi chinangozilala. Trailer ikatuluka ndimaionera, mawa lake ndaiwala. Kale ndinkadziwa tsiku lomwe filimu iliyonse ikutuluka, pano ndimangomva kuti inatuluka kalekale. Ndi ukalamba kapena mafilimuwo ndi amene afwifwa?

Chule: Ukalamba basi bwana. Siyirani ana kkkkk

Anachisale: Si ukalamba achimwene, ine ndili nanu. Chomwe chinandigwetsa ulesi n'chakuti filimu inasanduka ntchito ya kunyumba ngati ya kusukulu. Ndinaonera Doctor Strange yachiwiri ija ya 2022, ndikuona Wanda akupha anthu, akulira ana ake. Ana ati? Anabereka liti? Ndiye akundiuza kuti mukanayamba mwaonera series ya WandaVision. Ine ndabwera kudzapuma, inu mukundipatsa silabasi.

Chule: Silabasi kkkkk aphunzitsi alankhula

Wa_ma_Comic: Ndikumva kudandaula kwanu koma tisaiwale kuti kulumikizana kwa nkhaniko ndi kumene kunatikopa poyamba. Iron Man itatha mu 2008, Nick Fury anatulukira mayina atatha kudutsa, tonse tinapenga. Endgame inapanga pafupifupi $2.8 biliyoni chifukwa anthu anali atatsata mafilimu 21 isanafike. Lero chinthu chomwecho mukuchitcha silabasi?

Anachisale: Achimwene, mafilimu 22 pa zaka 11 ndi awiri pa chaka. Munthu umapuma, umawasowa. Tawerengani za 2021 zokha mundiuze.

Wa_ma_Comic: Chabwino, 2021 inali yodzadza, sindikana. Mafilimu anayi: Black Widow, Shang-Chi, Eternals ndi Spider-Man: No Way Home. Ma series asanu pa Disney+: WandaVision, The Falcon and the Winter Soldier, Loki, What If ndi Hawkeye.

Anachisale: Zinthu 9 chaka chimodzi. Ndiye mwandiyankhira nokha.

Wa ku Joni: Ndilowererepo pang'ono popeza kuno ku Johannesburg ndimapitako ku cinema. Nthawi ya Black Panther mu 2018 zinali zina. Anthu ankabwera atatchena zovala za makolo awo, John Kani akangoyankhula isiXhosa holo yonse kukuwa. Matikiti umachita kugula masiku angapo isanafike. Koma The Marvels mu November 2023 ndinalowa tsiku lomwelo popanda mzere, mipando yambiri ili mbee. Ndipo si kuno kokha. Captain Marvel yoyamba ya 2019 inapanga kuposa $1.1 biliyoni, yotsatira yakeyi inathera cha pa $206 miliyoni. M'mafilimu onse a MCU, mndandanda wa mafilimu olumikizana a Marvel uja, palibe ina yomwe inagwa chonchi. Poti inadya ndalama zoposa $250 miliyoni kuipanga, komanso eni ma cinema amatengapo pafupifupi theka la ndalama za matikiti, mutha kuona nokha dzenje lake.

Mlongoti: Ndiye kuti si ine ndekha. Zikomo a Joni.

Wa_ma_Comic: The Marvels inatuluka nthawi yoipa. Ochita zisudzo ku Hollywood anali pa sitalaka kuyambira July mpaka November chaka chimenecho, sankaloledwa kuyenda kukaitsatsa. Zimenezo muziziwerengeranso.

Wa ku Joni: Sitalaka inalipodi. Nanga Quantumania, filimu ya Ant-Man ya February 2023, sitalaka isanayambe? Weekend yoyamba anthu anakhamukirako, yachiwiri anathawa. Inathera cha pa $476 miliyoni, chonsecho ndi imene inkayenera kutidziwitsa Kang, mdani wamkulu wolowa m'malo mwa Thanos. Mdani wamkuluyo anagonja ku nyerere. Kenako Jonathan Majors, amene ankasewera Kang, khoti litamupeza wolakwa mu December 2023 anamuchotsa, pulani yonse n'kugwera pomwepo.

Chule: Thanos anafufuta theka la chilengedwe, mnzakeyu analumidwa ndi linthumbu

Madala a Video Show: Ana inu, ndiloleni nanenso ndiponyepo mawu, poti ine kanema ndayamba kuonetsa nthawi ya matepi, jenereta ikulira kuseri, ana atakhala pa mabenchi. Zimene mukudabwa nazozi si zachilendo. Kunali nyengo ya ma cowboy, inatha. Kunabwera karate, Bruce Lee ndi anzake aku Hong Kong, mwana aliyense pa msewu akuponya mateche m'mwamba. Inatha. Kunabwera asilikali a munthu mmodzi, Rambo, Commando, Chuck Norris, Van Damme. Nawonso anapita. Palibe amene anawaletsa. Anthu anangofika podziwa kuti mfuti ya mkuluyo siitha zipolopolo ndipo iye safa, basi chidwi n'kutha. Steven Spielberg ananenapo mu 2015 kuti mafilimu a ma superhero adzatsata njira yomwe anatsata a ma cowboy. Anthu anamunyoza nthawi imeneyo chifukwa ndalama zinali zikulowa ngati madzi.

Wa_ma_Comic: Madala, ulemu wanu, koma ma cowboy analamulira Hollywood zaka makumi angapo asanazilale. Ndipo sanafe, anangochepa. Ngati ndi njira imeneyo, ndiye kuti tikadali ndi ulendo.

Madala a Video Show: Kuchepako ndi kumene ndikunena mwana wanga. Sindinati adzatha psiti.

Mai a Awiri: Ine ndiyankhulako ngati kholo. Kuno ku UK kupita ku cinema ndi ana awiri, matikiti, popcorn, basi, ndalama yake ndi ya magolosale a masiku angapo. Ndiye umasankha. Ana anga akudziwa kuti pakangopita miyezi itatu kapena inayi filimu ifika pa Disney+, ndiye amati mami tidikire. A Disney anatiphunzitsa okha khalidwe limeneli nthawi ya Covid, pamene Black Widow anaitulutsa ku cinema ndi pa intaneti tsiku limodzi mpaka Scarlett Johansson anawasumira. Munthu ukamuzoloweza kudyera kunyumba, kumubwezanso ku lesitilanti ndi ntchito.

Komanso chinthu china, ana angawa alibe nazo ntchito za Avengers. Mu 2023 ankalira Super Mario. Endgame ikutuluka wamkuluyu anali asanayambe n'komwe sukulu. Kuti ayambe lero, ndimuonetse mafilimu oposa 30? Ndani ali ndi nthawi imeneyo?

Mlongoti: Mfundo iyi sindinaiganizepo. Ndiye kuti akale tikutuluka, atsopano sakulowa.

Wa_ma_Comic: Chabwino. Ngati anthu atopadi, wina andifotokozere Deadpool & Wolverine. July 2024, kuposa $1.3 biliyoni, filimu yoti ana saloledwa kulowa okha. No Way Home pafupifupi $1.9 biliyoni, Covid ili mkati. Guardians of the Galaxy yachitatu $845 miliyoni chaka chomwecho chimene The Marvels inagwa. Anthu satopa ndi ma superhero, amatopa ndi mafilimu oipa. Nsima timadya tsiku ndi tsiku, alipo anati watopa nayo? Chimatopetsa ndi ndiwo zomwezomwezo.

Anachisale: Koma taonani bwino zitsanzo zanuzo. Deadpool & Wolverine inali filimu yokhayo ya MCU mu 2024 yonse, chifukwa sitalaka ija inakankhira zina kutsogolo. Anthu anali ndi njala. Ndiye kuti mukuvomereza kuti kuchuluka ndiye vuto. Chachiwiri, anthu anapita kukaona ndani? Hugh Jackman, amene wakhala Wolverine kuyambira 2000. Mu No Way Home anapita kukaona Tobey Maguire ndi Andrew Garfield. Akugulitsa chikumbutso cha ubwana wathu. Tchulani munthu mmodzi watsopano amene anabwera Endgame itatha yemwe anthu angadzuke usiku kukamuonera.

Wa_ma_Comic: Shang-Chi anthu anamukonda.

Anachisale: Anamukondadi, nanenso ndinamukonda. Ndiye ali kuti? Kuyambira 2021 mpaka 2025 filimu yake yachiwiri kulibe. Iron Man anatuluka 2008, yachiwiri 2010, Avengers 2012, yachitatu 2013. Tinamuzolowera ngati neba. Awa amangotionetsa munthu kamodzi n'kumubisa, kenako n'kubweretsa ena khumi. Mayina akatha kudutsa amakuonetsa nkhope yatsopano, ukadikire, osadzaionanso. Eternals inatha ndi Harry Styles akulowa ngati m'bale wake wa Thanos. Mpaka 2025 yatha, zii.

Chule: Ali pa ulendo, minibasi yake sinadzadze

Wa ku Joni: Pa nkhani ya kuchuluka palibenso chotsutsana, chifukwa mwini wake anavomera. Bob Iger atabwerera pa mpando wa Disney mu November 2022 ananena poyera kuti anachulutsa zinthu mpaka ubwino wake unasukuluka. Mu May 2024 anati Marvel izitulutsa mafilimu awiri kapena atatu pa chaka ndi ma series awiri. Chomwe chinachitika n'chakuti Disney+ itatsegulidwa mu November 2019 inkafuna katundu watsopano mwezi ndi mwezi kuti anthu asasiye kulipira, polimbana ndi Netflix. Ndiye Marvel anaisandutsa chigayo. Kevin Feige, mkulu wa mafilimu a Marvel, amene ankayang'anira mafilimu atatu pa chaka anapezeka akuyang'anira zinthu zochuluka moti munthu mmodzi sangazikwanitse.

Mlongoti: N'chifukwa chake zithunzi zina zinkaoneka ngati game ya pa foni? Mutu uja wa MODOK mu Quantumania ndinaseka mpaka misozi, koma sindikhulupirira kuti ankafuna tiseke choncho.

Wa ku Joni: Eya. Anyamata opanga zithunzi za pa kompyuta anadandaula kwambiri kuti amapatsidwa nthawi yochepa, komanso mabwana amasintha maganizo filimu itatsala pang'ono kutuluka. Mu 2023 ogwira ntchito imeneyi ku Marvel anavota kulowa union, koyamba. Munthu wogwira ntchito usiku wonse miyezi yotsatizana sangakupangire chinthu chooneka bwino.

Madala a Video Show: Ine changa n'chimodzi, ndipo ndi chimene chimaphetsa mtundu uliwonse wa kanema. Imfa ikasiya kuwawa, nkhani yatha. Infinity War itatha ana ankatuluka mu holo ali chete, ena akulira, chifukwa Spider-Man wasanduka fumbi. Endgame, Tony Stark wafa, maliro tinakhuza tonse. Kenako anabweretsa zija amati multiverse, kuti munthu aliyense ali ndi anzake ofanana naye m'maiko ena osawerengeka. Ndiye wina akafa ndilirenji, poti mawa atenga wina kuseri? Loki wafa kangati? Gamora anaponyedwa kuphompho, anabweranso. Wolverine anamuika m'manda bwinobwino mu Logan mu 2017, filimu yabwino zedi, ndiye 2024 akufukula mafupa ake n'kumaseka. Tsopano akuti Robert Downey Jr. akubweranso, ati ngati Doctor Doom. Munthu tinamulira uja.

Wa_ma_Comic: Si Tony Stark madala, ndi munthu wina. Wosewera yekha ndi amene ali yemweyo. Ndipo atavula chigoba cha Doom pa msonkhano wa Comic-Con ku San Diego mu July 2024 holo yonse inaphulika ndi chimwemwe.

Madala a Video Show: Amene anali mu holomo ndi anthu ngati iweyo mwana wanga, oti ngakhale atakuonetsani khoma lopakidwa laimu mwalemba Marvel mudzaombera m'manja. Ine ndikunena za mayi wogulitsa mandasi amene ankalowa kudzaona Black Panther.

Chule: Madala asiyeni amoyo anawa kkkkkk

Anachisale: Pa imfa pomwepo ndionjezereko. Wakanda Forever ndi yokhayo ya zaka zimenezi imene inandigwira pamtima, ndipo chifukwa chake n'chomvetsa chisoni: Chadwick Boseman, amene ankasewera Black Panther, anamwaliradi mu August 2020, ndipo anasankha kusaika wina m'malo mwake. Maliro a mu filimu muja anali enieni, palibe multiverse yomubweza. Angela Bassett mpaka anasankhidwa kupikisana nawo pa Oscar. Koma ngakhale mmenemo anathiramo kamtsikana ka zida zachitsulo kaja ndi mayi uja wa CIA, osati poti nkhani inkawafuna, koma kuti atsatse zinthu zina zakutsogolo. Filimu iliyonse yasanduka chikwangwani cholozera ku filimu ina.

Admin: Ndikukumbutseni abale, amene mukutchula mathero a mafilimu a chaka chino ndi chatha muzichenjeza kaye. Zakale zilibe mlandu. Pitirizani.

Mphwanga wa ku Zomba: Inu mukukamba za ma cinema ndi Disney+, ife kuno ambiri timakatenga kwa anyamata a burning, pa flash kapena pa memory card. Ndipo kumeneko ndi kumene ungaone bwino chimene anthu akufuna, chifukwa palibe wotsatsa. Mnyamata amene ndimatengako amati ma series aku Korea, aku India ndi aku Nigeria ndi amene akuyenda, kuphatikizapo action yoti iyambe lero ithe lero. Za Marvel zatsopano amati anthu amabweza n'kumati sizikumveka. Ngakhale omasulira m'Chichewa aja, amene amatha kukometsa filimu yoipa ndi nthabwala zawo, pa multiverse amasowa pogwira. Afotokoza bwanji kuti uyu ndi Spider-Man, uyunso ndi Spider-Man, koma si amodzi?

Mai a Awiri: Koma ma series aku Korea ndi aku India aja si ndi aatali kuposa? Ena amafika ma episode mahandiredi. Ndiye vuto si kutalika.

Mphwanga wa ku Zomba: Zoona anti, koma amayambira pa 1 kupita pa 2 kupita pa 3. Sukuyenera kusiya pakati kukasaka series ina kuti umvetse chifukwa chake apongozi akwiya.

Mai a Awiri: Kkkkk pamenepo wandigonjetsa.

Mlongoti: Nanga DC bwanji? Tangokhalira Marvel.

Wa ku Joni: DC ndiye 2023 inali chaka cha maliro. Shazam yachiwiri, The Flash, Blue Beetle, Aquaman yachiwiri, zinayi chaka chimodzi ndipo palibe inachita bwino. The Flash ankaitama kuti ndi imodzi mwa zabwino koposa, inathera cha pa $270 miliyoni. Aquaman yoyamba inadutsa $1.1 biliyoni, yachiwiri sinafike ndi theka lomwe. Koma apa anadzipha okha: mu January 2023 James Gunn, mmodzi mwa akuluakulu atsopano a mafilimu a DC, analengeza kuti ayambiranso zonse, mafilimu anayiwo asanatuluke. Ndani angalipire kukaona nkhani yoti eni ake anena kale kuti sipita kulikonse? Ndipo mu 2022 anali atataya Batgirl, filimu yojambulidwa kale ya ndalama pafupifupi $90 miliyoni, osaitulutsa n'komwe.

Chule: Osaiwala a Sony ndi Morbius, Madame Web ndi Kraven. Mafilimu a Spider-Man opanda Spider-Man

Wa_ma_Comic: Amenewo sindiwaikira kumbuyo ngakhale pang'ono. Koma vuto lake ndi lakuti munthu wamba sasiyanitsa. Akaona chizindikiro chofiira cha Marvel pa Madame Web amaganiza kuti ndi a Avengers omwewo, n'kutuluka akutukwana. Tsono taonani mbali inayi. The Batman ya 2022 inapanga cha pa $770 miliyoni, yoima payokha. Joker ya 2019 inadutsa biliyoni. Across the Spider-Verse, ya makatuni, pafupifupi $690 miliyoni, ndipo ndi ya multiverse yomwe madala akuidayo. Superman ya Gunn mu 2025 inadutsa $600 miliyoni. Ndiye mtunduwu sunafe.

Anachisale: Joker yachiwiri mwaidumpha dala?

Wa_ma_Comic: Imeneyo tisaikambe chemwali, mtima ungandipweteke.

Wa ku Joni: Koma 2025 ndi imene ikundipangitsa kukayika mfundo yanu yoti filimu ikakhala yabwino anthu abwera. Captain America: Brave New World inali yofooka, inapanga cha pa $415 miliyoni, palibe chodabwitsa. Kuti uimvetse unkayenera kukumbuka The Incredible Hulk ya 2008, series ya Falcon, ndi chimphona chija chinatuluka m'nyanja mu Eternals. Koma Thunderbolts ambiri amene anaionera anaiyamikira, olemba za mafilimu anaiyamikira, komabe sinafike $400 miliyoni. Fantastic Four nayo anaiyamikira, inangodutsa $500 miliyoni pang'ono. Ndiye kuti ngakhale ataphika bwino, anthu anasiya kale kubwera pakhomopo. Kale dzina la Marvel lokha linkakwanira. Captain Marvel ija inafika biliyoni chifukwa inali pakati pa Infinity War ndi Endgame, aliyense ankaopa kutsalira. Mantha otsalira aja ndi amene anatha.

Palinso China. Endgame inapanga kuposa $600 miliyoni ku China kokha. Kenako kuyambira kumapeto kwa 2019 mpaka kumayambiriro kwa 2023 mafilimu a MCU sankaonetsedwa kumeneko. Pobwerera anapeza anthu azolowera zawo. Mu 2025 Ne Zha 2, katuni yaku China komweko, inadutsa $2 biliyoni, zambiri mwa ndalamazo zochokera kwawo konko.

Madala a Video Show: Ndi zimene ndimanena zija. Anthu sakwiya, amangopeza kwina kopita.

Wa_ma_Comic: Tidzakambirane Avengers: Doomsday ikadzatuluka mu December 2026. Ndasunga mayina a nonse amene mukunyoza pano. Ndidzakuonani muli pa mzere.

Anachisale: Ine ndidzaonera, sindikubisa. Aliyense adzaonera. Koma kudzadza holo kamodzi chifukwa mwaitana akale onse, mpaka Patrick Stewart ndi Ian McKellen a X-Men ya 2000, sikutanthauza kuti anthu abwerera. Funso ndi lakuti filimu yotsatira, ya munthu amene sitikumudziwa, adzapite ndani.

Wa_ma_Comic: Mu 2014 ndani ankawadziwa a Guardians? Mtengo woyankhula ndi kanyama konyamula mfuti. Anthu anapita.

Anachisale: Anapita chifukwa nthawi imeneyo tinkawakhulupirira. Lero ayambe atibwezera kaye chikhulupirirocho.

Mlongoti: Chabwino abale, ndithandizeni chinthu chimodzi. Munthu ngati ine amene anaima pa Endgame, ndipo sindikufuna silabasi ya a Nachisale ija, ndionere ziti zoti ndingamve popanda kufunsa munthu?

Wa ku Joni: Guardians yachitatu, poti awiri oyamba munawaona. Konzekerani kulira chifukwa cha Rocket. The Batman, koma ndi ya maola atatu, muyambe magetsi alipo.

Anachisale: Shang-Chi. Simufunika kudziwa chilichonse, ndipo ndewu ya mu basi ija madala angaikonde, ndi karate yeniyeni.

Wa_ma_Comic: Superman ya 2025 ndi Fantastic Four, zonse zimayambira poyambira. Thunderbolts ndi yabwino koma imafuna muwadziweko Yelena ndi Bucky, ndiye mwina muyambe Black Widow.

Chule: Mwaona? Silabasi yayambanso

Mai a Awiri: Onjezanipo ma Spider-Verse onse awiri ngati muli ndi ana. Koma dziwiranitu kuti yachiwiriyo imathera pakati, ndipo yachitatu akhala akuisunthasuntha. Anga anakwiya sabata yonse.

Madala a Video Show: Shang-Chi yo muli Tony Leung eti? Ngati ndi choncho mphwanga wa ku Zomba undiikireko pa flash, ndidzatuma mwana Loweruka.

Mphwanga wa ku Zomba: Alimo madala, ndi bambo ake a mnyamatayo. Mufuna yomasulira kapena ya Chingerezi?

Madala a Video Show: Yomasulira. Chingerezi cha masiku ano amayankhulira m'mphuno.